Sipuling'i m'Dimba la Bo-Mubita

"Keke ija ikapanda kufika ku ukwati mawa, mukagone mu motoka yanu yamene iyo!"

Anatero amake Choolwe, mkazi wanga, ataima pakhomo manja ali m'chiuno. Ine ndinali pansi pa mtengo wa mango, nkhope yonse girisi, chala chikuchucha magazi. Ndinayankha mawu amene sindingalembe pano.

Ndiyambe poyambira. Masiku amenewo, a chipani chimodzi, ufa wa tirigu ndi shuga sizinkapezeka wamba mu Livingstone. Mkazi wanga anafola mizere pa sitolo ya boma mpaka nsapato kutha, kuti aphike keke ya ukwati wa mng'ono wake. Ntchito yanga inali imodzi: kuinyamula kuchoka kwathu ku Malota kukafika nayo ku holo ya tchalitchi ili yathunthu.

Vuto linali kagalimoto kanga, kaja kakang'ono kotsegula kumbuyo. Mashoki akumbuyo, zitsulo zoletsa galimoto kudumphadumpha, anali atatha kalekale, oilo akuchucha. Kakagunda dzenje limodzi kankapitiriza kuvina mpaka pa njanji. (Mazira amene ndinagulapo ku msika anafika kunyumba atapondedwa kale, ongofunika mchere.)

M'masitolo zipangizo munalibe, koma mnzanga woyendetsa sitima anandibweretsera mashoki awiri kuchokera kutsidya kwa mlatho wa m'malire a dziko. Makaniko? Ayi. Munthu wofika Fomu Faifi sangalipire wina kuti amasule mabawuti anayi.

Ndinakweza galimoto ndi jeke, n'kuikhazika pa njerwa mbali zonse ziwiri, n'kuchotsa matayala. Bawuti yoyamba inakana. Ndinaituka, ndinaithira palafini, ndinaponda sipanala ndi phazi, inalola. Shoki yakumanzere inatuluka. Apa munthu wodekha akanaika yatsopano kaye asanakhudze inayo. Ine ndinati ntchito ichepe, ndichotse onse awiri.

Sindinkadziwa kuti pa timagalimoto totere mashoki ndiwo amagwiranso chitsulo cha matayala kuti chisagwe. Bawuti yomaliza itangotuluka, chitsulo chonse chinati khu! pansi, masipuling'i onse awiri n'kugubuduka ngati maungu.

Imodzi ndinaibwezera. Inayo ndinalimbana nayo, chitsulo ndikuchinyamula ndi bondo, mpaka inanditsina chala. Ndiye ndinachita zimene ndimachita chinthu chikandipweteka: ndinaiponya. Inamenya simenti ya pampopi, inadumpha mpanda wa waya, n'kukatera pakati pa repu m'dimba la Bo-Mubita.

Bo-Mubita, neba wathu, ndi mdala wa Chilozi, wopuma pa ntchito ya njanji. Tinali tisakulankhulana kuyambira nyengo ya mvula, pamene nkhuku zake zinafukula tomato wanga ine n'kumutcha nkhalamba yosowa chochita, komboni yonse ikumva. Mdalayo anatuluka pang'onopang'ono, anatola sipuling'i, anaipukuta dothi, anandiyang'ana, n'kulowa nayo m'nyumba.

"Pitani mukapemphe," anatero amake Choolwe.

"Ine? Kwa uja?"

"Eee, imwe. Mugwade, muwombe m'manja monga mwamene bachitira kwao. Si mwana uja, ni mukulu."

"Ndingalolere kuyenda pansi mpaka ku Mukuni!"

"Yendani. Koma keke muisenze pamutu."

Apa ndi pamene anakuwa mawu aja. Madzulo ndinayesa kuika chipika cha mtengo m'malo mwa sipuling'i. Nditatsitsa jeke, galimoto inapendekeka ngati galu akukodza. (Anyamata odutsa anaimirira n'kufunsa ngati ndi fasho yatsopano.) Chakudya chamadzulo ndinadya ndekha, keke ili pa tebulo, yoyera mbee, ya nsanjika zitatu, ikundiyang'ana.

M'mawa ndinavala jekete. Ndinazungulira ku geti ya Bo-Mubita, ndinagwada pafumbi, n'kuwomba m'manja. Mawondo analira kuposa mashoki aja.

Mdalayo anali pa mpando, sipuling'i ili pambali pake, yotsukidwa bwino. Anawomba m'manja nayenso.

"Mwauka bwanji, baneba?"

"Ndauka, Bo-Mubita. Ndabwera chifukwa cha..."

"Nanga bamai kunyumba?"

"Ali bwino. Nkhani ndi ya..."

"Choolwe? Chifuwa chija chinasila?"

Anafunsa za ana onse mmodzimmodzi, za apongozi anga ku Kalomo, za mkwatibwi, za tomato. Funso lililonse tinkawomba m'manja. Dzuwa likukwera, ine ndili chigwadire, mkati ndikuwira ngati rediyeta. Kenaka anaitanitsa tiyi. Ndinamwa. Anali wokoma, ndivomere, wa shuga weniweni.

"Repu yanga mwaiphwanya," anatero pomaliza. "Tomato yanu nkhuku zanga zinadya. Yasila nkhani?"

"Yatha, bambo."

Ananyamuka ndi sipuling'i m'khwapa, tinapita limodzi. Iye anapondereza chitsulo cha matayala ndi mtengo, ine n'kulowetsa sipuling'i, kenaka tinachikweza ndi jeke mpaka mabowo a shoki analunjika. Mashoki atsopano analowa ngati akudziwa kwawo. Nditakankha kumbuyo kwa galimoto, inatsika n'kukwera kamodzi, n'kuima zii. Amake Choolwe anawomba m'manja kuchokera pawindo la khitchini.

Keke tinaikhazika pa miyendo ya Bo-Mubita, chifukwa anati sakhulupirira dalaivala. Anakhala kumbuyo atavala suti yake ya njanji, akundilangiza dzenje lililonse ngati ine ndine mlendo mu Malota.

"Pang'ono, baneba. Apo pali mugodi."

Ndinaluma mano mpaka ku holo. Keke inatsika yathunthu, ngakhale duwa limodzi silinagwe.

Potseka chitseko chakumbuyo, chinakana kugwira. Ndinayesanso, chinakananso. Ndinali nditatola kale sipanala, dzanja lili m'mwamba. Ndinayang'ana kumanja: mpanda wa abusa. Kumanzere: nyumba ya tcheyamani wa chipani. Mawondo anali akadawawa.

Ndinaiika pansi bwinobwino, n'kumenya tayala ndi phazi.