Mphete Yanga Ili M'dimba

Lolemba

Mphete yanga ya ukwati kulibe! Pachala pangotsala kamzere koyera. Ndazindikira dzulo m'tchalitchi nditakweza dzanja kutsogolera pemphero, ine mkulu wa mpingo. Mkazi wanga, amake Dalitso, ali ku Katete kwa amayi awo chichokereni Loweruka. Akubwera Lamulungu. Akaona chala ichi, ndatha ine.

Iyenera kuti inagwera m'dimba kuseri kwa nyumba, komwe Loweruka masana ndimati ndikuthirira repu. Mnzanga kuofesi akuti kuli makina omva zitsulo zokwiririka pansi. Sindigula mwachimbulimbuli ayi. Ndiyamba ndayerekeza.

Lachiwiri

Tsiku lonse maso pafoni, ntchito ya boma ili chiimire. Kani makinawa ali ndi mitundu ngati nyemba! Ndatsala ndi atatu:

- A m'sitolo ina pafupi ndi City Market. Opepuka, bokosi lake Chitchaina chokhachokha.
- A mdala wina wa ku Kabulonga. Akale, olemera, ati amasiyanitsa golide ndi chitsulo wamba.
- Kandodo ka mlamu wanga Ba Zulu, mlonda ku Woodlands, kaja amapapasira anthu pakhomo la sitolo.

Mwini sitolo akuti, "Ba mdala, iyi imamvela na singano." Wandilola kukayesa tsiku limodzi. Ndamusiyira chitupa changa.

Lachitatu

Kulira kwake! Akulira pageti, akulira palamba wanga, akulira mphaka akamadutsa. M'dimba ndiye tii tii tii phazi lililonse. Mtima phaa, ndikukumba. Chitsekerero cha botolo la mowa. Ndikukumba pena. Chinanso. Pena, ziwiri!

Mayo ine! Sindinaganizepo kuti izi nazonso ndi zitsulo. Zaka zisanu ndi chimodzi, Loweruka lililonse, mabotolo awiri pansi pa mtengo wa mapeyala. Mabotolo ndimabweza m'thumba mwakachetechete, zitsekerero ndimazikanikiza m'dothi ndi chidendene. Ndimayesa dothi limasunga chinsinsi. Makina awa ndi akazitape, mawa akubwerera kwawo.

Lachinayi

Kandodo ka Ba Zulu sikamva kanthu pokhapokha kagunde pansi. Ndiye ndikukwawa m'mizere ya repu, munthu wa imvi, matako m'mwamba. Pampanda patulukira mutu wa amake Beauty, oyandikana nawo, wapampando wa amayi a kumpingo kwathu komwe!

"Ba Elda, akulu a mpingo, mwapeza golide?"

Ndati ndikufuna paipi ya madzi. Bodza silichedwa kubala. Khasu lachitatu, paipi ija ndaipezadi. Madzi mpaka padenga! Repu yonse matope, zitsekerero zili mbuu kuyandama. Ndazikhalira mpaka mayi aja atachoka.

Lachisanu

Chelstone yathu yonse yamva kuti kwathu kuli golide. Kondakitala wa minibasi akunditchula Ba Migodi, anthu akutembenuka.

Ku Kabulonga: agalu awiri, mdala mmodzi, maola awiri a phunziro. Golide makinawa amalira mokweza, chitsulo wamba amabuula. Wandibwereka mpaka Lolemba. Kunyumba akungobuula buu, buu, ngati ng'ombe yodwala. Ndipo pakagalasi kake pakutuluka kachithunzi ka chitsekerero! Kojambula ndithu! Anthu opanga makinawa amandidziwira kuti?

Koma kunena zoona, awa ndiye abwino.

Loweruka

Ndakumba kuyambira mbandakucha. Zotuluka:

- zitsekerero, ndowa yodzaza tho
- supuni ziwiri
- misomali
- kiyi wa njinga ya Dalitso, amene ndinamukalipira mwanayo sabata yathunthu
- mphete: palibe

Dimba lonse maenje okhaokha. Ndowa ndiibise kuti? Kubini ya zinyalala amake Beauty aona. Kukwirira? Ndiye ndayambiranso. Ndaivundikira ndi thumba. Lero sindinamwe, ndipo ndikuchita mantha enieni. Zaka makumi awiri mkazi wanga sanandivulepo ulemu, ine ndamutayira mphete yake mu zitsekerero za mowa.

Lamulungu

Amake Dalitso afika masana. Chikwama chili paphewa, akuyang'ana maenje. Akuvundukula thumba. Ine dzanja m'thumba la buluku.

Atsegula chikwama. Mphete!

"Munaisiya pazenera la bafa m'mawa womwe ndimanyamuka. Ndimati ndione ngati mundiuza."

Ndaloza ndowa.

"Izi n'zochepa, atate ake Dalitso. Za kuseri kwa khola la nkhuku simunakumbe. Mumayesa amalima dimba lino ndani?"

Zaka zisanu ndi chimodzi!

Kenaka anyamula makina a ku Kabulonga, ayendetsa pansi pa mapeyala. Buu. Akuyang'ana kachithunzi kaja, akumwetulira.

"Gulani awa. Loweruka lililonse ndizidutsamo ndekha."

Kuyerekeza kwatha, asankha okha. Mphete yabwerera pachala. Mawa ku Kabulonga kukalipira, kenaka kukabweza makina a m'sitolo aja, omwe ndinaiwala, ndikatenge chitupa changa. Repu ndizithirira ndi madzi basi.