Tsiku Limene Ndinaphwasula Vaneti ya Apongozi

Mpaka lero ndikamva fungo la petulo, ndimayang'ana kumbali n'kulavula. Nkhaniyi ndaibisa zaka zambiri, koma poti kukomboni kwathu ku Chawama aliyense amaidziwa kale, bola ndiinene ndekha, mwina ndingachepetseko mchere umene anthu anathiramo.

Zinali zaka zija makampani ankatsekedwa motsatizana, sopo ndi mafuta ophikira tikuchita kufolera. Ine ntchito inandithera ku Heavy Industrial Area, kumene ndinkagwira m'galaja ya kampani ina. Kwa apongozi anga ndinkadziwika kuti ndine makanika. Zoona zake n'zakuti ndinali wosunga zida: makanika akafuna sipanala ndimupatse, akabweza ndiipukute. (Ovolosi ndinali nayo ndithu, ndipo ndinkaipaka girisi pang'ono ndisanaweruke.) Mayina a zitsulo zonse ndinkawadziwa pamtima. Ntchito zake ndiye ayi.

Apongozi anga aamuna, a Tembo, anali ndi vaneti yakale imene inkadyetsa banja lonse. Inkanyamula amayi a pamsika kupita nawo kumafamu kukaoda matimati. Uthenga wa maliro utabwera kuchokera kwawo ku Petauke, anandiitana asananyamuke.

"Mukaiyendesa bwino sabata ino, makiyi ni yanu," anatero. "Ine menso yayamba kusila."

Ndinali nditakhala miyezi isanu ndi iwiri ndikudya thukuta la mkazi wanga Mailesi, amene ankagulitsa zitumbuwa. Ntchito imeneyi ndinkailota ndili maso.

M'mawa mwake ndinafika pakhomo pa apongozi nditavala ovolosi yochapa. Amayi asanu anali atakwera kale kumbuyo ndi mabokosi awo. Ndinapotoza kiyi. Injini inati gwe-gwe-gwe, osayaka. Ndinapotozanso, chimodzimodzi.

"Ba draiva, ili bwanji motoka?" anafunsa bana Chanda, mkulu wa amayiwo, munthu amene pakamwa pake sipaona tchuthi.

"Yamvela chabe mphepo," ndinayankha ndikutsegula boneti.

Apa mpamene Mailesi anabwera kuchokera pakhonde, pamene amayi ake anakhala atayang'ana kumbali. Apongozi anga aakazi ndi munthu wa mwambo. Chikwatirire mwana wawo sanandilankhulepo maso ndi maso. Tikakumana panjira amapatuka, ndipo mawu awo onse amadzera mwa Mailesi.

"Imwe, bamayi bakuti mukalibe kuyamba..."

"Bauze basavutike, ni vinthu ving'ono ivi."

"Koma bakamba ati..."

"Mailesi, ine nimangenako ku vitumbuwa vako? Ivi ni va bamuna."

Amayi akumbuyo aja anang'ung'udza onse pamodzi. Mailesi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chabwino, ba makanika," anatero, n'kukakhala pa njerwa, manja atapinda.

Kugalaja ndinkamva amakanika akunena kuti galimoto yozungulira injini koma osayaka yasowa chimodzi mwa ziwiri: moto kapena mafuta. Ndinayamba ndi moto. Ndinazula waya wonenepa wochokera ku koilo, kumene moto umachokera, n'kumugwira kunsonga ndi dzanja lopanda kanthu, n'kuuza bana Chanda kuti apotoze kiyi. Chimene chinandilowa m'dzanja chinakatulukira kuchidendene. Ndinadumpha, mutu n'kukagunda boneti.

"Moto ulipo," ndinalengeza, misozi ikulengeza nawo m'maso.

"Tauona," anatero bana Chanda.

Basi kwatsala mafuta. Ndinamasula paipi ya petulo, n'kuiika kukamwa kuti ndikoke pang'ono monga ndinkaonera. Ndinakoka mwamphamvu za munthu wofuna ntchito, ndipo ndinameza. (Petulo ameneyo a Tembo anamufolera masiku awiri, ine n'kumumwa ngati thobwa.) Ndinagwada pambali pa tayala ndikutsokomola, dziko likuzungulira. Pakhonde apongozi aakazi anaimirira, anayenda mapazi awiri kulunjika kwa ine, anaima, n'kubwerera kukakhala. Ndinaganiza kuti akundimvera chisoni, ndipo ndinalimba mtima.

Moto ulipo, mafuta alipo, ndiye wolakwa ndi kabuleta, chitsulo chosakaniza petulo ndi mpweya. Ndinayala thumba pansi n'kuiphwasula yonse. Ine sindinkadziwa kuti m'kachitsulo kamodzi mungakhale tizinthu tochuluka chonchija. Kasipuling'i kena kanadumpha n'kukagwera m'ngalande, ndipo aliyense wodziwa ngalande za ku Chawama sangandifunse chifukwa chake sindinakatsatire. Nditabwezeretsa zonse, panatsala tizitsulo titatu topanda kwawo. Ndinatiponya m'thumba la ovolosi anthu akuyang'ana kwina.

Ndinapotoza kiyi mpaka batire inafooka n'kuyamba kulira ngati nkhalamba yodwala, kenako zii.

"Ifuna chabe kupusha," ndinatero.

Amayi aja anamanga zitenje m'chiuno. Anakankha kuchokera pakhomo mpaka patchalitchi, n'kukankhanso kubwerera, ine ndili pachiwongolero ndikuwalamula. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera. Dzuwa litafika pamutu, bana Chanda anatsitsa mabokosi awo.

"Tomato yonse benangu batenga kudala," anatero. "Lelo bana bathu bazadya ovolosi yanu?"

Mawu amenewo anandilasa kuposa magetsi aja, chifukwa anali oona. Amayiwo anapita. Ndinakhala pansi pamthunzi wa vaneti.

Kenako ndinaona apongozi akutuluka m'nyumba ndi mbale yovindikira ndi mbale inzake. Anagwada chapatali, anaiika pansi, anaomba m'manja, n'kubwerera. Mailesi anaitenga n'kubwera nayo pamodzi ndi madzi osamba m'manja. Mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinati ngakhale zakanika, pakhomo pano amalemekeza munthu amene wagwira ntchito. Ndinasamba bwinobwino mpaka m'zigongono, n'kuvundukula mbale.

Munali kachinthu kakuda kangati chala chachikulu. Dzina lake ndinkalidziwa, paja mayina sankandivuta. Inali rota, kaja kamagawira moto ku mapulagi.

"Batate bamaichosa mazulo yalionse chifukwa cha bakawalala bakuba mamotoka," anatero Mailesi mosakweza mawu. "Banaisiya na bamayi. Ndiye vamene nenze kufuna kukuuzani kuseni, mukalibe kuyamba."

Anaitola m'mbalemo, anatsegula ndi zala ziwiri chivindikiro cha disitiribyuta, mmene rotayo imakhala, anailowetsa, n'kutseka. Akuti ankachita zimenezi m'mawa uliwonse kuyambira ali pasukulu, ndipo kuyendetsa komwe bambo ake anamuphunzitsa kumafamu konko. Koma vaneti sinayakebe. Matenda amene ndinaipeza nawo anali atachira, otsalawo anali anga. Makanika weniweni anatha masiku awiri akukonza, ndipo atandifunsa ngati ndaonako tizitsulo titatu, ndinamuthandiza kufunafuna pansi.

A Tembo atabwerera anamva nkhani yonse kwa anthu asanafike n'komwe pakhomo. Sanandikalipire. Anandifunsa za moyo, anandiuza za maliro, kenako anatulutsa makiyi n'kupatsa Mailesi.

Ntchito ndinaipezabe, sindikana. Ndinkakweza ndi kutsitsa mabokosi, ndipo malo anga anali kumbuyo pamodzi ndi amayi a matimati. Wachilendo akafunsa kuti bambowa ndani, bana Chanda ankayankha msanga: "Ni bamuna ba draiva."

Phunziro ndinalitola. Ndinalumbira kuti apongozi akadzatumanso mawu kwa ine, ndidzamvetsera mpaka kumapeto. Kungoti chiyambire tsiku lija sanatumenso.