Tsiku Limene Ndinasanduka Bambo Anga

Iyi ndi yamanyazi, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira mtima umandipsa.

Nditabwerako ku Bulawayo, kumene ndinatha theka la moyo wanga, mkazi wanga Esinati sanakhalitse. Atamwalira ndinangodzikhalira pakhonde kwa mwana wanga Chisomo ku Kawale. Kudya ayi, kumeta ayi, tulo ayi. Adokotala anati ndi dipuresheni, nthenda ya maganizo, ndipo imakalambitsa thupi mkatikati, mpaka maselo amene. Ndinawakalipira n'kutuluka. Ine wokalamba? Ine amene ndinali sitiraika wa sukulu yonse?

Tsiku lina pageti panaima njinga. Gilibati! Mnzanga wa desiki imodzi ku sekondale, tsitsi lakuda bii, mimba patsogolo. Ndinatambasula manja.

Iye anavula chipewa, nanjuta pansi, nawomba m'manja.

"Bambo, pepani ndi zovuta za mpongozi wanu. Lameki alipo?"

Lamekiyo ndine! Magazi anawira, koma ndinati ndimuone pothera.

"Watuluka."

"Mumulangize, bambo. Tamva kuti akungokhala ndwii ngati nkhuku yachitopa. Ulesi anauyamba kale ameneyu. Homuweki ankakopera kwa ine."

"Bodza! Unkakopera ndiwe!"

"Anakunamizani, bambo. Ngakhale Esinati ndinakamulankhulira ndine. Mwana wanuyo anabisala kuseri kwa mtengo wa mango."

Ndinadzuka kuti ndimutchaye khofi. Msana unangoti khwa! Mawondo anakana, ndinagweranso pampando. Iye n'kundigwira mosamala ngati dzira.

"Pang'onopang'ono, agogo."

"Agogo ndiwe! Ndine Lameki, chitsiru iwe!"

Anapukusa mutu mwachisoni, naitana Chisomo amene ankachapa kuseri.

"Mayi, madalawa mutu wayamba kusokonezeka. Akudziyesa mwana wawo. Musamawasiye okha pafupi ndi msewu."

Chisomo, mwana womubala ndekha, anaseka mpaka kukhala pansi, thovu lili m'manja. Kundiikira umboni kunamukanika!

Ndinakwinya buluku n'kumuonetsa Gilibati chipsera cha pamsongolo, pamene anandiponda iye mwini pabwalo la mpira. Anachiyang'ana, nandiyang'ana kumaso, nachiyang'ananso.

"Mayo ine, Lameki! Nanga iwe ukuoneka chonchi, bambo ako akuoneka bwanji?"

M'mawa mwake ndinameta ndevu n'kubwerera kwa adokotala aja. Kupepesa kokha sindinapepese.

Chisoni ukachipatsa chipinda, chimakudyera zaka osalipira lendi.