Mphuno ya Apongozi

Lolemba
Apongozi akubwera Lamulungu kuchokera ku Dambe. Uthenga wawo ndi umodzi: mwana wanga Yami akapanda kuwapatsa moni, akumutengera kwa mneneri wawo wothira anthu madzi ozizira. Ati mwana wosapereka moni ndi wolodzedwa. Kuchipatala anatiuza kale kuti ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa otizimu, n'chifukwa chake salankhula, koma apongozi amamva zawo zokha. Mwana amene amakuwa ndi madzi osamba omwe akathiridwe ndowa? Sizitheka!
Aphunzitsi ake andiikira gemu m'foni. Pamabwera nkhope, mwana amadina mphuno, foni n'kupereka moni ndi mawu amene kholo lajambula. Ndajambula mwaulemu wonse: "Muli bwanji agogo?"

Lachiwiri
Yami akudina mphuno osapuma. Kulankhula ayi, koma akumwetulira. Batire latha. Magetsi kulibe. Kotchajitsa ku Kamwendo akuti, "Mudikire mayi, jenereta ilibe mafuta."

Lachitatu
Foni yalumphira netiweki ya ku Zambia ili pawindo langa lomweli. Bandulo yonse psiti! Ine ku Chipata sindinapondeko, koma foni yanga yapita yokha, yopanda chiphaso.

Lachinayi
Bambo ake a Yami apita ndi foni yanga kuboda, ati yawo yasweka galasi. Osapempha n'komwe.
Zimene ndikuchita ine:
- kujambula nkhope pakatoni ndi khala
- kudina ndekha mphuno
- kudzipatsa moni, n'kudziyankha
Zimene akuchita Yami: kundandalika zitsekerero za mabotolo, atandifulatira.
Aneba akusuzumira pampanda. Asuzumire.

Lachisanu
Foni yabwerako. Yami wadina mphuno, m'foni mwatuluka chiliwu chamwamuna: "Bwanji mudala!"
Madalaivala a ku Zambia, anzawo a bambo ake, amaseweretsa gemu ya mwana podikira mapepala a katundu, ndipo afufuta mawu anga. Anthu andevu zawo! Bambo ake akuti, "Komatu ndi moni womwewo." Ndikati ndijambulenso, Yami akutseka makutu n'kumakuwa, akufuna mudala wakeyo. Ndakwiya.

Loweruka
Walankhula! Mwana wanga walankhula! Wapita pa mbuzi ya aneba, waidina mphuno: "Bwanji mudala." Ndalira, kenako mkwiyo wabwereranso.
Amene alandira moni lero:
- mbuzi
- wakabaza
- mngelo wa pakalendala
Ine, womubereka, wogula bandulo, palibe.
Mawa munthu wamkulu, mayi wa kumpingo, akatchedwe mudala. Ndikuganiza zobisa mwana, kapena kubisala ndekha.

Lamulungu
Apongozi afika, duku loyera mbee, akhala pamphasa. Yami wapita yekha, waima pamaso pawo, wawayang'ana nkhope, chimene sanachitepo chibadwire. Chala chili noninoni ndi mango, wawadina mphuno.
"Bwanji mudala."
Ine ndagwira pakamwa.
Apongozi apukuta mphuno ndi chitenje, pang'onopang'ono. "Ndili bwino bambo, kaya inu?"
Wadinanso. Ayankhanso. Mpaka mphuno yafiira, akungoyankhabe. Za mneneri sanatchule.
Ponyamuka akuti, "Mwanayu alibe vuto. Vuto ndi womuphunzitsa chizambiyayo." Akunena akuyang'ana ine. Bambo ake akungokanda foni yanga.
Chabwino. Mlandu ndausenza, bola Yami watsala pakhomo. Ndakhala pakhonde pafupi ndi zitsekerero zake, nkhope ndayandikitsa. Mphuno nanenso ndili nayo. Ndikudikira.