Ufa Wosasuluka

Lolemba
Ndaupeza! Ku boma, m'sitolo ya simenti. Ufa wobiriwira ngati msipu wa mvula yoyamba. Papaketi palembedwa kromiyamu okusayidi. Ndawerenga ndekha, sukulu yanga yochepayo sinapite pachabe. Wogulitsa akuti ndi wosakaniza ndi simenti pozira pansi m'nyumba. Izo n'zake. Akutinso:
susuluka padzuwa
supsa pamoto
susungunuka m'madzi
Zonse n'zokoma! A Mbewe, mkulu wa mpingo wathu, anandilanda makiyi a tchalitchi, ati ndinasulutsa nsalu yobiriwira ya paguwa poiyanika padzuwa. Anandiponyera nsaluyo anthu akuona. Lamulungu aiona yatsopano, makiyi abwerera m'thumba muno!

Lachiwiri
Madzi mumphika, ufa, nsalu. Ndikutakasa ndi mthiko wa akazi anga, aNabanda. Ndikangosiya, ufa wonse pansi khathi, madzi mbee. Makani ngati a Mbewe. "Paja anakuuzani kuti susungunuka," akutero aNabanda. Sayansi saidziwa amenewa.

Lachitatu
Lero kuwiritsa! Nkhuni zatha, madzi aphwa, nsalu yapserera pangodya. Ufa uli gwa, sunasinthe n'komwe. Wogulitsa uja sanama! Mthiko wabiriwira. ANabanda sakundiyankhula.

Lachinayi
Nzeru zabwera ndili kudimba: phala la chinangwa likhale zomatira. Ndikupaka ndi manja. Yabiriwira! Yauma ngati chikumba, ikuima yokha, koma yabiriwira! Ndavina pakhonde, bondo liwawe lisawawe.
Zinanso zabiriwira: zikhadabo, mphaka, lamba wanga. Palambapo ndanolerapo lumo, lathwa moopsa. Ufawu ndi wolimba kuposa chitsulo, ndithu.

Lachisanu
Ndayanika nsalu m'mbali mwa njira, dala, padzuwa lenilenilo, a Mbewe aione podutsa panjinga. Sanadutse. Yadutsa ndi mvula. Phala lasungunuka, ufa watsikira pansi. Bwalo lonse biriwiri, nsalu mbuu ngati kale. Pangodya ina mbuzi yalawapo.

Loweruka
Ufa watsala pang'ono. Ndasakaniza ndi mafuta ophikira. Wagwira! Koma mwa apo ndi apo, nsalu yaoneka ngati malaya a asilikali. Poganiza ndimagwira ndevu, ndiye nazonso zagwira. Sopo watha m'nyumba. Palibe kanthu, kubiriwira ndi kubiriwira. Mawa!

Lamulungu
Ndalawira, nsalu m'khwapa. Kulowa m'tchalitchi, paguwa pali nsalu ya pepo. Adiventi, nyengo yodikira Khirisimasi, yayamba lero. Yobiriwira sifunika mpaka Khirisimasi itapita. Kale ndinkadziwa zimenezi anthu onse asanadziwe, koma wopanda makiyi amuuza ndani?
Potuluka a Mbewe andipatsa moni, makiyi akulira m'thumba mwawo. Andiyang'ana kuchibwano nthawi yaitali. "Achimwene, izi zokha musayanike padzuwa."
Nsalu aNabanda afunditsa dengu la nkhuku yofungatira. Ine ndakhala pansi pa mango, ndameta ndevu zonse. Lumo likudula bwino kwambiri.