Maliro a ku Italiya

Mpaka lero ku Ndake kuli anthu amene akandiona amatsitsa mawu ngati ndine wofedwa. Mkazi wanga ali moyo ndithu, ndipo nkhani iyi ikatuluka amanditchulabe chitsiru.

Ndinali nditangotumizidwa kumene kukaphunzitsa nyimbo pa sukulu ina ku Ndake, m'boma la Nyimba. Ku koleji anzanga ankapenga ndi mpira, ine ndinkapenga ndi opera. Mbiri yake ndinailoweza ngati katekisimu: kuti zaka mazana anayi zapitazo akatswiri ena a ku Italiya anafuna kudzutsa masewero akale a Agiriki, nayamba kuimba mawu onse m'malo mowayankhula, kuti poyamba zinkachitikira m'nyumba za mafumu, kenako zinatulukira kwa anthu wamba. (Chitaliyana chenichenicho sindimva, koma zimenezo ana asukulu sankafunsa.)

Sabata imeneyo mkazi wanga anali ku chipatala cha Minga kudikira mwana wathu woyamba, ndipo mudzi wonse unkadziwa. Mtima wanga unali m'mwamba. Loweruka m'mawa ndinati ndikonzekere phunziro kuti ndiiwale nkhawa. Ndinabwereka sipika yaikulu ya pasukulu, kuiika kuchipinda, kutsegula mazenera chifukwa cha kutentha, n'kuika nyimbo yakalekale ya opera, ya mkazi wolira mwamuna wake. Mawu ake amakwera pang'onopang'ono, n'kuthyoka, n'kukweranso. Ndinakhala pabalaza nditatsinzina, manja ali kumutu.

Potsegula maso, azimayi anali atakhala pansi pakhonde, miyendo atatambasula, akusisima. Azibambo awiri anali atanyamula kale tebulo langa kupita nalo panja. Wina ankakoka chipika cha nkhuni.

"Pepani, aticha. Amene alila kuchipinda ni apongozi?"

"Palibe amene wafa!"

"Limbani mtima, bambo. Tonse timakamba choncho poyamba."

Ndinafuna kuthamangira kuchipinda, iwo n'kundigwira mwamphamvu poganiza kuti ndikufuna kudzipweteka. Apo n'kuti mayi wa ku Italiya atafika pachimake, ndipo pakhonde anamulandira bwino lomwe. Nditapulumuka m'manja mwawo ndinazimitsa sipika. Bata lake sindidzaliiwala.

Munthu wanzeru akanapepesa. Ine ndinayamba kufotokoza za Agiriki.

A Tembo, mkulu wa mpingo, anandidula. "Aticha, amai ali ku chipatala, imwe muyeselela malilo? Kulila kopanda mtembo ni kuitana imfa."

Mawuwo anandilasa. Ndinachita mantha enieni, ndipo nthawi yomweyo ndinaimbira mkazi wanga foni. Anayankha, koma osati mwachikondi. Uthenga unali utafika kale kwawo, ndipo mayi ake anali atangomuimbira kumufunsa ngati wamwaliradi.

Anthu anabalalika akung'ung'udza, tebulo n'kulisiya padzuwa. Anatsala amake Zuze okha, mayi wachikulire amene anabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo n'kukhazikika konkuno. Ndinadikira kuti nawonso andikalipire.

"Uja mzimai alila ndani?"

"Mwamuna wake, amama."

"Anamuika m'manda?"

"Ayi. M'nkhani yake sanamuonenso."

Anagwedeza mutu. "Nenze namva. Na ine atate ake Zuze tinasiyana pothawa. Sininaone mtembo, sininaone manda. Malilo sitinakhale." Anakonza chitenje chawo. "Ikaninso. Koma pang'ono."

Ndinatseka mazenera n'kuiikanso. Amake Zuze analira mwakachetechete, akugwedezeka motsatira mawu aja. Nyimbo imene ndinaimvera kosawerengeka, ndikuwerenga kakweredwe ka mawu ngati woyesa mayeso, tsiku limenelo inandipeza ndili ndi mantha a mkazi wanga. Nanenso ndinalira, ndipo ndinachita manyazi kuti zaka zonsezo ndinkaphunzitsa kulira kwa munthu osakumva.

Mwana anabadwa Lamulungu, wamkazi, wa mawu amphamvu. A Tembo atamumva anati watengera azakhali ake a ku Italiya.

Mkazi wanga anaika lamulo loti sipika isadzalowenso m'nyumba mwake, ndipo ndinalumbira. Koma masiku ena, akapita kumsika, ndimamva kugogoda pachitseko.

"Aticha, uja mnzanga alipo?"

Ndimayang'ana kunjira, n'kuyamba kutseka mazenera.