A Japhet, Mmisiri Woyeza Nyumba ndi Mbale

Amisiri ena amayeza nyumba ndi tepi, koma malemu a Japhet Chulu a ku Mfuwe ankayeza ndi mbale. Ukawaitana kuti akusandutsire nyumba yakale kukhala lesitilanti, ankafika ndi kampando kopinda ndi mbale yawo yamalata, n'kukhala pakati pa fumbi ndi zitosi za mileme, n'kunena kuti, "Manje bweretsani chakudya." Lero adyera pangodya iyi, mawa pa inayo, mkucha pakhomo, njerwa osakhudza ngakhale imodzi. Mwini nyumba ankaonda, mmisiri akusalala.

"Kodi ndakuitanirani kumanga kapena kutafuna?" anafunsa mkulu wina wa ku Jumbe, mwini shedi yakale ya thonje.

"Zonse ziwiri, abwana. Ndikapanda kudyera pano, ndidziwa bwanji pamene dzuwa limawotcha kasitomala kumsana pa thwelofu koloko?"

M'shedimo anayetsemula kasanu ndi kawiri pangodya imodzi, n'kulamula kuti abowolepo windo. Pachigayo china chakale, nyerere zinafika m'mbale mwawo asanameze kachiwiri, ndiye anasamutsa chipinda chosungira shuga. Chokwiyitsa n'chakuti ankalondola nthawi zonse, moti anthu ankadandaula uku akuwaphera nkhuku.

Koma nkhani imene Mfuwe sadzaiwala ndi ya mayi Agness Mwanza. Mayiwa anali amasiye, a ana atatu, ndipo anatopa n'kugulitsa zitumbuwa pafumbi la mumsewu. Anagulitsa makina awo osokera ndi mbuzi zonse kuti apeze nyumba imene magemu, alonda a nyama zakutchire aja, anaisiya atasamukira kukampu yatsopano. Lesitilanti ikakanika, analibenso pogwira.

Vuto linali limodzi. M'nyumbamo munali kachipinda ka windo la zitsulo ndi chitseko chochindikala cha mtengo wa mupani, mmene ogwidwa ndi nyama kapena misampha ankagona podikira galimoto yowatengera kukhoti ku Chipata. Pafupifupi banja lililonse linali ndi wachibale amene anagonamo. Anthu ankadutsa pamenepo nkhope ili kumbali.

"Kachipinda ako mugwetse, a Japhet," anatero a Agness. "Ndani angameze chakudya pamene amalume ake anagona pasimenti?"

"Amayi, ndidyeremo poyamba."

Anadya masiku asanu ndi anayi, mpaka nkhuku za a Agness zinayamba kuthawa zikamva belu la njinga yawo. Tsiku lomaliza analowa m'kachipinda kaja ndi mbale, n'kuuza a Agness kuti atseke kunja. Patangopita mphindi zochepa anagogoda. Anatuluka thukuta lili kamukamu, mpunga ndi mlamba zikadali m'mbale. Aka kanali koyamba m'mbiri ya dera lino kuti a Japhet asiye chakudya.

"Nyumbayi ilibe mlandu," anatero. "Cholakwa n'chitseko chabe."

Kachipindako sanakagwetse. Anakasandutsa khitchini, n'kubowola chimuni padenga, ndipo zitsulo za pawindo anazisiya, kungodula pansi malo otulutsira mbale.

"Zitsulonso muzisiya?" anadandaula a Agness.

"Nyani wa kuno amavundukula poto, kulawa, n'kuvundikiranso. Zitsulo zapeza mwini wake weniweni."

Khoma lakutsogolo analitsitsa kufika m'chiuno kuti mphepo izilowa mwezi wa Okutobala, anthu asamapsere limodzi ndi ndiwo. Kenako anazula chitseko chija, kuchipala, kuchiikira miyendo inayi, n'kuchiimika pakhonde, mpiringidzo wake uli pomwepo. Linali tebulo lalikulu kuposa onse. A Agness atachiona anagwira m'mutu.

"Mwandipha, a Japhet. Chimene anthu amadana nacho ndicho mwaika pamaso penipeni!"

Tsiku lotsegulira linafika. Kunabwera madalaivala awiri a kumaloji ogona alendo, n'kudya msangamsanga. Anthu a m'mudzi anaima tsidya la msewu pansi pa mvunguti, manja kumbuyo, kumangoonerera. Wani koloko inakwana, nkhuku ikuuma m'poto. A Agness analowa m'khitchini n'kulira mwakachetechete, akuganiza za makina awo osokera. Atasuzumira pazitsulo anaona kuti ngakhale a Japhet athawa ndi njinga yawo.

Sanathawe ayi. Anabwerera atanyamula a Benson pakaliyala. A Benson anali mlenje wakale amene anagona m'kachipindako katatu, ndipo analumbira kuti phazi lawo silidzapondanso pamenepo. Mmene a Japhet anawanyengerera palibe akudziwa, ena amati anawanamiza kuti akupita kumowa.

Mkuluyo anatsika, kuzungulira tebulo lija kawiri, n'kuyendetsa chala pamalo ena ophwanyika.

"Ichi ndichidziwa," anatero. "Apa ndinamenya ndi chidendene mu sevente-eyiti. Chidendene chinatupa wiki yonse."

"Ndiye khalani pansi, achimwene, muchidyere pamsana," anatero a Japhet.

A Benson anakhala. Anatsamira ndi zigongono zonse ziwiri ngati akufuna kuona ngati chidandaule. A Agness anabweretsa mbale. Mkuluyo anadya pang'ono, kenako anathira dala msuzi pathabwapo, n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika m'masaya.

"Imwe uko!" anakuwa kwa a pansi pa mvunguti. "Bwerani muone! Chitseko chija chagona chagada, chikundinyamulira mbale!"

Anthu anawoloka msewu, woyamba, wachiwiri, kenako onse. Aliyense ankafuna tebulo lomwelo. Pofika folo koloko a Agness anali akupala m'mapoto.

Patapita milungu iwiri kunabwera a Edmund, gemu wopuma pantchito amene kale ankasunga kiyi wa chitsekocho. Malo anali atadzaza, mpando unatsala umodzi, moyang'anizana ndi a Benson. A Benson anawayang'ana nthawi yaitali, n'kukankha kabotolo kudutsa pamwamba pa mpiringidzo.

"Mchere uwo, abwana. Mwaswera bwanji?"

A Japhet, amene anali pangodya ndi mbale yawo, sanadzutse n'komwe mutu. Ankalimbana ndi fupa.

A Japhet anatisiya dzinja lapitali, atadwala masiku ochepa. Tawasowa, ndipo sitibisa. Masiku ano nyumba zimamangidwa mofulumira, zokongola ndithu, koma umadya dzuwa likukulasa m'diso, ndipo palibe wokufunsa pamene unakhala. Nkhuku za ku Mfuwe zokha ndi zimene zikunenepa mwamtendere.

Mwezi watha a Agness anatenga galaji yakale yoyandikana nawo kuti akuze lesitilanti. Anabwera amisiri awiri ndi tepi, kuyeza mphindi khumi, n'kufunsa kuti ayambe liti kugumula. A Agness analowa m'khitchini, n'kutuluka ndi kampando kopinda ndi mbale yamalata yophwanyika m'mphepete, imene banja la malemu linawasiyira. Anakhala pangodya, pakati pa matayala akutha ndi fungo la oyilo.

"Mubwere wiki ya mawa," anatero, akutsegula kontena ya mpunga. "Ngodya zilipo zinayi, ndipo ine ndimatafuna pang'onopang'ono."